Chiwongolero Cholemera: Kuika Power Steering pa Galimoto Yakale

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

 

WOULUTSA: Lero ndikucheza ndi inu eni magalimoto akale okoka ndi matayala onse anayi: ma Hilux a masipuling'i osanjikiza kutsogolo, ma Land Cruiser a 40 Series, ndi ma Land Rover a Series III amene ambiri timangoti 109. Magalimoto amenewa akukana kufa. Ku Japan anasiya kupanga 40 Series mu 1984, ku Britain Series III inalekeka mu 1985, koma mpaka lero muwapeza akutuluka m'munda atasenza chimanga, akupita ndi mabelo a fodya ku Kanengo, akuthamangitsa wodwala usiku mvula ili mkati. Dandaulo la eni ake ndi limodzi: chiwongolero. Kuti mutembenuke pamalo opanikiza galimoto itadzaza, mumachita kunyamuka pampando, mapewa n'kuwawa mpaka m'mawa. Ena mwakula nayo galimoto yanu ndipo mikono siikulolanso. Ena mukufuna kuti mayi akunyumba nawonso aziyendetsa. Ndiye mumafunsa: kodi n'kutheka kuikira power steering ndi masipeya ochotsa pa galimoto ina?

N'zotheka, ndipo ambiri anachita bwinobwino. Koma tikumbutsane kuti tikugwira chiwongolero. Injini ikafa pa ulendo mumaima pambali. Chiwongolero chikakana, galimoto ndiyo imasankha kopita.

Ndisanakuuzeni zogula, ndikupempheni kuti musagule kaye kanthu. Magalimoto amenewa ankalemera chiwongolero kuchokera kufakitale, zoona, koma osati mmene akulemerera lero. Kawirikawiri chimene mukulimbana nacho si kapangidwe ka galimoto ayi, ndi zaka zambirimbiri zosalawa girisi. Ikwezeni kutsogolo ndi jeke, muikhazike pa zochirikiza zolimba, matayala onse awiri akhale m'malere, ndiye zungulizani chiwongolero. Chikuyenera kuyenda ndi dzanja limodzi mosavuta. Chikalemerabe matayala asakugunda pansi, vuto lili m'zitsulo, ndipo pampu idzangolibisa mpaka tsiku limene chitsulocho chidzathyoke.

Yambani ndi kumapeto kwa ekiselo, pamene tayala limatembenukira. Pali ma bearing, pamwamba ndi pansi, amene amauma, kuchita dzimbiri, mwinanso wina anawamanga mopitirira muyeso. Pa Land Rover ya Series muli kachipangizo kotchedwa relay, kobisika m'chitsulo chopingasa cha kutsogolo kwa chasisi, pafupi ndi radiyeta. Kamafuna oyilo, koma alipo magalimoto amene relay yake sinaonepo dontho chichokereni nthawi ya Kamuzu. Land Cruiser ya 40 nayo ili ndi mkono wapakati, centre arm, umene umatha kapena kugwira dzimbiri. Steering box yeniyeniyo imakhala ndi oyilo wa giya mkati. Tsegulani muone ngati alimo. Damper ya chiwongolero ikapindika pamwala nayonso imakoka manja.

Kenako matayala. Ambiri a magalimoto amenewa anabwera ndi matayala opyapyala, a 7.50 pa rimu ya 16. Ife tinawaveka otambalala kuti azioneka bwino, mpweya n'kumapopa wochepa, ena n'kuchotsa chiwongolero chachikulu chija kuika kakang'ono ka galimoto yaing'ono. Chiwongolero chachikulu sichinali chokongoletsa. Kukula kwakeko ndi kumene kunkachulukitsa mphamvu ya mkono wanu. Alipo anthu amene akakonza zimenezi amapeza kuti ndalama ya power steering ingopita ku fetereza. Ndipo ngakhale mutasankha kupitirira, ntchito imeneyi siidumphika.

Tsopano timvetse chimene tikufuna kuika. Muli zinthu zinayi: kathanki ka oyilo, pampu yozunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, mapaipi, ndi steering box yokhala ndi pisitoni mkati. Injini ikamalira, pampu imakankha oyilo osalekeza. Mukamayenda molunjika, oyiloyo amangodutsa m'bokosi n'kubwerera kuthanki. Koma pamene shafiti ya chiwongolero imalowera m'bokosimo pali kandodo kachitsulo kopyapyala, torsion bar, kamene kamapotoka pang'ono zedi mukayamba kukhota matayala akukana. Kupotokako kumatsegula njira, oyilo n'kuthamangira mbali imodzi ya pisitoni, pisitoniyo n'kumakankha pamodzi nanu. Matayala akakana kwambiri, kandodoko kamapotoka kwambiri, thandizo n'kuchuluka. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa galimoto yanu, pakuti Chrysler ya ku America inayamba kugulitsa magalimoto okhala nayo mu 1951. N'chifukwa chake masipeya ake ali mbwee, ndipo makaniko wodziwa ntchito sangaachite chilendo.

Nambala imodzi muisunge. M'paipi yochokera ku pampu, mphamvu ya oyilo imafika 70 mpaka 100 bar. Tayala lanu mumapopa 2 kapena 3 bar basi. Tibwereranso ku nambala imeneyi.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya za magalimoto, ndipo tikukamba zoika power steering pa 4x4 yakale. Tafika pa funso lalikulu: masipeya achokere kuti?

Langizo langa, limene sindisuntha nalo, ndi ili: zonse zichokere pa galimoto imodzi, ndipo galimotoyo ikhale ya mtundu wa yanu. Kutola bokosi ku Ndirande, pampu ku Biwi, mapaipi kwa mlamu, kumaoneka kotsika mtengo, koma pampu iliyonse inapangidwa molingana ndi bokosi lake. Pampu yofooka imakusiyani pomwe mukuifuna, injini ikulira pang'onopang'ono pamalo opanikiza. Yamphamvu kwambiri imatenthetsa oyilo ndi kuphulitsa ma seal.

A Hilux ndinu amwayi. LN106 ija ya injini ya dizilo ya 2.8, imene inapangidwa mpaka 1997, ina inabwera ndi power steering, ina ayi. Mukapeza inzake yokhala nayo imene inafa injini kapena inagundidwa kumbuyo, bokosi lake nthawi zambiri limakhala pa mabowo omwewo, bulaketi ya pampu n'kukhala pa injini popanda kudula kanthu. Koma pali msampha. Wogulitsa adzakutulutsirani bokosi la Hilux Surf, kapena la Hilux ina yopanda ekiselo yathunthu kutsogolo, n'kunena kuti Toyota ndi Toyota. Si zoona. Pa Hilux ya ekiselo yathunthu, mkono wa bokosi, drop arm, umapita kutsogolo ndi kumbuyo, kukankha chitsulo choyenda motsatira chasisi. Pa bokosi linalo mkono umapita kumanja ndi kumanzere. Alipo amisiri amene amaligwiritsa ntchito dala, koma amasintha zitsulo zonse za kutsogolo, ndipo imeneyo ndi ntchito ina, ya ndalama zina.

A Land Cruiser ya 40, njira yodziwika ndi bokosi la 60 Series, imene inayamba kutuluka mu 1980. Limaikidwa chakutsogolo pa chasisi, mkono wapakati uja n'kuchokeratu, ndipo ubwino wake ndi woti malo ogwedera m'chiwongolero amachepa. A Land Rover amatenga bokosi la Defender, la Discovery yoyamba, kapena la Range Rover ya P38, limene ambiri amalikonda chifukwa limakhala kunja kwa chitsulo cha chasisi. Koma zonsezi si zongomanga mabawuti. Pali kuboola chasisi, kuwotcherera, kupanga shafiti yofika pamalo atsopano. Ngati kwanuko kulibe mmisiri amene anaigwirapo ntchito yotere ndipo mungathe kukaona galimoto imene anaikonza ikuyenda, ine ndingati dikirani.

China chofunika kwa ife kuno: timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja. Masipeya ochokera ku Japan, Britain, South Africa ndi Australia ndi a mbali yathu. Koma katundu wodzera ku Dubai amasakanikirana, ndipo bokosi la galimoto ya chiwongolero cha kumanzere linapangidwa motembenuza. Silingakhale pa chasisi chanu. Ndiponso musanalipire, zungulizani shafiti ngati mukukhotera kumanja, muone kumene mkono ukulowera, mufanizire ndi galimoto yanu. Alipo mabokosi amene mkono wake umayenda mosemphana. Munthu n'kumanga zonse, kukhotera kumanja, matayala n'kupita kumanzere.

Mukapeza galimoto yoti muchotsepo, pitani nokha ndi makaniko wanu, muchotse muli pomwepo. Tengani bokosi pamodzi ndi drop arm yake, pampu ndi pulley yake, bulaketi ndi mabawuti ake onse, thanki, mapaipi ngakhale akhale otha, ndi shafiti yolumikiza chiwongolero ku bokosi. Musaiwale pulley ya kutsogolo kwa injini, chifukwa yanu mwina ilibe mpata wa lamba wowonjezera. Tizinthu ting'onoting'ono timene mumati tidzaona kutsogolo ndi timene timaimitsa galimoto mwezi wathunthu pa galaja.

Apa ndiye pofunika kudekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bokosi lonyezimira, lotsukidwa kumene ndi parafini kapena lopakidwa penti watsopano, lisakukopeni. Lakuda ndi fumbi louma limanena zoona zambiri, chifukwa pamene pamadontha pamaoneka. Zungulizani shafiti ndi dzanja kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena. Iyende mosalala, ilimbe pang'ono pakati penipeni, isagwiregwire ngati muli mchenga. Ikani pakati, gwedezani drop arm: isagwedere. Pamwamba pa bokosi pali sikuluwu yosinthira, yomangidwa ndi nati. Ngati yalowa pafupifupi yonse, ndiye kuti eni ake akale anakhala akuimanga pobisa kutha kwa mano, ndipo palibenso chotsala choti inu mumange. Yang'anani mano a pa shafiti imene drop arm imakhalapo. Akapotoka ngakhale pang'ono, galimotoyo inagunda mwamphamvu. Ndipo bokosi lochokera pa galimoto yogundidwa kutsogolo, mbali ya dalaivala, lisiyeni ngakhale akupatseni ulere. Mng'alu wa mkati mwa chitsulo suoneka ndi maso.

Dontheretsani oyilo wotsala pa kapepala koyera. Wofiira kapena wofiirira, zili bwino. Wakuda, wonunkha kupserera, kapena wokhala ndi tinthu tonyezimira, pampu imeneyo inadzidya kale. Mabowo a mapaipi akakhala osatseka, chipangizo chili pamtetete kuvumbidwa ndi mvula, dziwani kuti mkati muli dzimbiri. Gwiraninso pulley ya pampu, isagwedere. Ndipo gwirizanani ndi wogulitsa pamaso pa mboni kuti chikakana mubweza.

Zina musagule zakale n'komwe: lamba, ma seal, ma tie rod end, mabawuti omangira bokosi, ndi paipi ya mphamvu. Mwaikumbukira nambala ija, 100 bar? Paipi ya petulo yomangidwa ndi kilipu kapena waya siingapirire. Tengani paipi yakaleyo ngati chitsanzo, mupite nayo kwa okonza mapaipi a mathirakitala ndi makina okumba, akufinyireni yatsopano pa makina. Paipi imeneyi ikaphulika, oyilo amafayira pa ekizozi yotentha, ndipo moto umayamba pomwepo.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tabwereranso, ndipo tsopano galimoto ili pa galaja. Amakaniko anzanga, gawo lino ndi lanu, koma eni galimoto mumvetserenso, kuti mudziwe chofunsa.

Chimene ambiri sachiganizira ndi chasisi. Kale, mphamvu yonse yokhotetsa matayala inali ya mikono ya munthu. Matayala akakana, munthu ankatopa, n'kusiya. Pisitoni siitopa. Imakankha matayala, ndipo ndi mphamvu yomweyo imakankhanso bokosi kuti lizuke pa chasisi. Kuli ngati kupatsa nkhalamba nyonga za mnyamata mafupa ali omwe aja. Choncho palani chasisi pamalo pokhala bokosi mpaka chitsulo chiwale, gogodani ndi hamala, muone ngati dzimbiri silinadye mkati. Pomwe mwaboola mabowo atsopano, ikani chitsulo chochindikala cholimbitsa. Popeza chasisi chili ndi mphako mkati, m'bowo lililonse mulowe kapaipi kachitsulo kolimba kodutsamo bawuti, kuti pomanga makoma a chasisi asafinyike. Popanda timapaipi timeneti mumanga lero, mawa zakhwepa, mumanganso, chasisi n'kumaphwatalala mpaka kung'aluka. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu. Bawuti losalembedwa kanthu ndi la pa geti.

Wowotcherera akhale wodziwa za chasisi. Mnyamata wowotcherera mafelemu a mawindo angakhale waluso pa ntchito yake, koma iyi ndi ina.

Ndipo pali zitsulo zimene siziyenera kuona moto ngakhale pang'ono: drop arm, ndi mikono ya pa tayala. Anthu amaitenthetsa ndi gasi kuti aipinde ifike pomwe akufuna, ena amaidula n'kuilumikiza. Zitsulo zimenezi zinasulidwa ndi kuumitsidwa mwapadera kufakitale, ndipo moto wa pa galaja umachotsa kulimba kumeneko. Sizipindika kuti zikuchenjezeni, zimangoti thyo. Shafiti ya chiwongolero nayo ilumikizidwe ndi ma joint a mano ogwirizana, osati kugunditsa zitsulo ziwiri n'kuwotcherera. Ngati drop arm siikufika, ndiye kuti bokosi lili pamalo olakwika kapena mkonowo si wake.

Musanalumikize zitsulo, pezani pakati pa bokosi. Werengani kuti chiwongolero chikuzungulira kangati kuchoka kumapeto kufika kumapeto, mubwerere theka lake. Matayala alunjike, ndiye sinthani kutalika kwa drag link, chitsulo chimene drop arm imakankha, kuti ikwane pomwepo. Musakonze chiwongolero chopendama pochizula n'kuchibwezera mowongoka, chifukwa bokosi linapangidwa kuti lizigwira zolimba pakati pokha. Mukayenda molunjika lili pambali, galimoto imayendayenda mumsewu. Drag link isatsetsereke kwambiri, apo ayi galimoto idzakhota yokha pa bampu iliyonse. Onetsetsani kuti mabawuti oimitsa tayala pa ekiselo ndi amene akuyamba kugunda, bokosi lisanafike pamapeto ake. Kenako kwezani tayala limodzi pamwamba, linalo litsike, mukhotetse mbali zonse, muone kuti palibe chikukhudza sipuling'i, shock kapena sampu ya injini. Ma pulley akhale pa mzera umodzi, ndipo mapaipi atalikirane ndi ekizozi.

Oyilo wake, pa Toyota ndi Land Rover za zaka zimenezi, ndi wofiira uja wa giya ya otomatiki, ATF ya Dexron. Brake fluid ayi, chonde. Amatupitsa ma seal onse. Mukathira, musalize injini msanga. Matayala ali m'malere, zungulizani chiwongolero pang'onopang'ono mbali ndi mbali kambirimbiri, mukuwonjezera oyilo, mpaka thovu litasiya kutuluka. Ndiye lizani injini kanthawi kochepa, zimitsani, onaninso. Oyilo akachita thovu ngati sopo, kapena pampu ikamalira mokuwa, mudakali mpweya. Dikirani thovu litsike, mubwerezenso. Mpweya ukamabwerabe, ukulowera pa paipi yochokera kuthanki kupita ku pampu.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, bwanji osaika chamagetsi, poti ma Vitz ndi ma Corolla ophwasulidwa ali paliponse? Inde, kamota ka magetsi kaja kamaikidwa pa shafiti pansi pa chiwongolero, popanda pampu, lamba kapena oyilo. Pa kagalimoto kopepuka ngati Suzuki SJ410 ndi nzeru yabwino. Koma mphamvu yake yonse imadutsa m'bokosi lanu lakale lomwe lija, ndi relay yomwe ija, zimene zinapangidwira mikono ya munthu. Kamafunanso magetsi ambiri pokhota, pamene alitaneta zakale ndi zazing'ono, ndipo ma Land Cruiser ena a dizilo ochokera ku Japan ndi a 24 volts pamene kamotako ndi ka 12. Pa galimoto yonyamula matumba m'matope, ine ndimasankha cha oyilo.

Poyesa, musayambire pa msewu waukulu. Pitani pabwalo lopanda anthu, yendani pang'onopang'ono, khotani mbali zonse, imani, gwadani muone ngati pakudontha. Chiwongolero chikafika pamapeto musachikanikize pamenepo kupitirira masekondi ochepa, chifukwa apo ndi pamene oyilo amatentha msanga. Pabwalo pomwepo, mukuyenda pang'ono zedi, zimitsani injini osazula kiyi kapena kuibweza mpaka pokhoma chiwongolero, mumve mmene chimalemerera. Chimakhotabe, koma nthawi zambiri chimalemera kuposa chakale chija. Manja anu aphunzire zimenezi pabwalo, osati pa makhotakhota a Golomoti kapena potsika Chiweta. Ndipo inu amene munazolowera kuzimitsa injini pa mtsetse posunga mafuta, chizolowezi chimenecho chinali choopsa kale. Ndi power steering chitheretu lero.

Kayendetsedwe kasinthenso. Tayala likapanikizika m'ngalande kapena patsinde pa mwala, kale mikono inkakuuzani kuti basi. Tsopano chiwongolero chidzamvera, tie rod n'kupindika inu osamva kanthu. Sunthani galimoto pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo pamene mukukhota. Pakatha sabata yoyamba, bwererani ku galaja akamangenso mabawuti onse ndi kukunga lamba, popeza watsopano amatamuka. Nthawi iliyonse yosintha oyilo wa injini, wina agwedeze chiwongolero inu mukuyang'ana pamene bokosi lakhala: likamasuntha pa chasisi, kapena mukaona kamzera ka dzimbiri kofiira pafupi ndi bawuti, galimoto isayende mpaka zitakonzedwa. A inshulansi auzeni kuti mwasintha chiwongolero, ndipo popita ku COF musabise. Oyeza galimoto akachiona ndi maso awo, ndi phindu lanu lomwe. M'galimoto muzikhala lamba wapadera, sipanala yake, ndi lita imodzi ya ATF.

Nthawi yathu yathera pamenepa. 

(NYIMBO YOTSEKERA)